Akakufunsani kuti "Tizikulipirani zingati?"

Mayi wina wandilembera imelo yodandaula. Akuti pa intavyu atamufunsa malipiro omwe akuyembekezera, mtima unangoti phwii, n'kutchula ndalama zomwe ankalandira kuntchito yake yakale. Ntchito anaipeza, koma tsopano wamva kuti anzake a udindo womwewo amalandira zochulukirapo. Akufunsa kuti akanayankha bwanji.

Mayi, funsoli likamafika, olemba ntchitowo amakhala ataika kale ndalama pa udindowo. Akungofuna kuona ngati mukukwanamo, ndipo mukatchula zochepa palibe amene angakudzudzuleni. Ndiye simulakwa kuwabwezera funsolo mwaulemu: "Ndingakonde ndimve kaye zomwe mwakonza pa udindowu." Ambiri amaopa kuti chimenechi ndi chipongwe. Ayi ndithu. Ku European Union, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, kuli lamulo la 2023 lonena kuti wolemba ntchito aziulula yekha malipiro, komanso loletsa kufunsa munthu zomwe ankalandira kwina.

Akaumirira kuti muyambe ndinu, tchulani ndalama ziwiri, yapansi ndi yapamwamba, zomwe munafufuza musanapite: m'zilengezo za ntchito zofanana, pa intaneti, kapena kwa anthu omwe ali m'ntchitoyo. Koma apa ndi pomwe ambiri amagwa. Khutu la bwana limamva yapansiyo basi. Choncho ikhale ndalama yomwe mungailandire mosang'ung'udza, osati yongofuna kuti akukondeni. Mukatchula, khalani chete. Chete ameneyo amawawa, ndikudziwa, ndipo ine ndemwe ndinadzitsitsapo mtengo bwana asanatsegule n'komwe pakamwa.

Funsaninso ngati mukukamba za ndalama asanadule msonkho kapena zomwe zimalowa m'thumba. Penshoni, inshuwalansi ya kuchipatala ndi masiku a tchuthi nazonso ndi malipiro.

Vuto lotchula malipiro akale ndi lakuti nthawi zambiri powonjezera malipiro amawerengera maperesenti a zomwe mukulandira. Mukayambira pansi, kuperewerako kumakutsatirani chaka ndi chaka, ngakhale mutalimbikira chotani.

Nanga panopa, poti munasaina kale? Musathamangire kwa bwana ndi mayina a anzanu aja, mungowapalamulira. Dikirani nthawi younika kagwiridwe ka ntchito, mupite mutalemba zomwe mwachita chilowereni ndi ndalama yomwe mukupempha. Akakana, afunseni zomwe muyenera kukwaniritsa kuti akuwonjezereni, ndi mwezi womwe mudzakambiranenso.