Kodi dziko lopanda gombe lili ndi mawu pa nkhani za nyanja ya mchere?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akumaliza maphunziro a zachilengedwe pa koleji ina muno mu Blantyre. Akufuna kulemba kafukufuku wake womaliza pa mgwirizano wa mayiko pogawa malo a m'nyanja ya mchere, ndondomeko imene akatswiri amaitchula kuti marine spatial planning, koma mmodzi mwa aphunzitsi ake wamuuza kuti kumeneko n'kutaya nthawi chifukwa dziko la Malawi lilibe gombe. Akufunsa ngati apitirize kapena asinthe mutu.

Achemwali, mawu a aphunzitsi anuwo andilasa mtima, pakuti ndinawamva kwa zaka zambiri pamene ndinkagwira ntchito pa kampani ina yonyamula katundu ku Limbe. Ntchito yanga inali yolondola makontena ndi feteleza kuchokera ku doko la Beira, ndipo kawirikawiri ndinkakwera nawo mathiraki kudzera pa Mwanza, Zobue ndi Tete mpaka kukafika kunyanja. Doko la Beira lili pamene mtsinje wa Pungwe umathirira m'nyanja, choncho mchenga ndi matope zimadzaza njira ya sitima nthawi ndi nthawi, ndipo pamafunika kukumba kosalekeza kuti sitima zikuluzikulu zilowe. Kukumbako kukachedwa, sitima imaima kutali kudikira kuti madzi akwere, ndipo ife tinkagona m'mathiraki kapena m'nyumba zogona alendo zotsika mtengo, ndalama ya chakudya ikutha m'thumba. Abwana anga ku Limbe ankaimba foni m'mawa uliwonse n'kufunsa kuti, "Katundu ali pati?" Ndikayamba kufotokoza za mchenga ndi kukwera kwa madzi ankandidula pakamwa, amvekere, "Za nyanjazo n'za eniake, ife tikufuna feteleza mvula isanagwe." Sankaona kuti fetelezayo ndi nyanjayo ndi nkhani imodzi.

Masiku odikirawo ndinkawathera kugombe, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaphunzira zambiri kuposa zimene ndawerenga m'malipoti. Pamalo amodzi ndinkaona asodzi akukoka khoka limene pakati pake anasokererapo neti ya udzudzu, monga mmene ena amachitira ku Mangochi, ndipo m'khokamo munkatuluka tinsomba tating'ono tosakwana n'chala chomwe. Chapafupi panali amayi akugulitsa mitolo ya mitengo ya mangrove, ija imamera m'matope a madzi a mchere, imene anthu amamangira nyumba ndi kuwotchera makala. Patali pang'ono pankaoneka maboti a injini a makampani ogwira ma prawn otumiza kunja, ndipo kuseri kwake kunali sitima yathu ija itaima. Onsewa amadya m'madzi amodzi, ndipo chimene wina achita chimabwerera mnzake. Wodula mangrove akuwononga malo amene ma prawn ndi nsomba zimakuliramo zili zazing'ono, wokumba njira ya sitima ayenera kupeza kotayira matopewo, ndipo akawataya pamalo olakwika amakwirira udzu wa pansi pa nyanja umene asodzi ang'onoang'ono amadalira.

Ndondomeko imene mukufuna kulembayo ndi yankho la mkangano umenewu. Boma limakhala pansi ndi mapu a nyanja, pamodzi ndi asodzi, a madoko, a zokopa alendo, ofufuza gasi ndi asilikali a pamadzi, n'kugwirizana kuti apa ndi njira ya sitima, apa ndi poswanira nsomba ndipo sipaloledwa khoka, apa ndi pa asodzi a mabwato okha, ndipo apa ndi podutsa zingwe za intaneti. Zikufanana ndi mmene khonsolo ya mzinda imagawira mapuloti, kuti fakitale isamangidwe pakhomo la sukulu, kungoti madzi amayenda. Pangano la United Nations la malamulo a panyanja la 1982 limapatsa dziko lililonse la m'gombe ulamuliro pa chuma cha m'madzi mpaka mtunda wa makilomita pafupifupi 370 kuchokera kugombe, koma mafuta otayika, mapulasitiki, matope ndi nsomba za tuna zimadutsa malire amenewo tsiku ndi tsiku. Dziko likhoza kujambula mapu abwino kwambiri a madzi ake, koma ngati loyandikana nalo laika chitsime cha gasi kapena doko pafupi ndi malirewo popanda kukambirana, mapuwo amangokhala pepala.

N'chifukwa chake mayiko a kumadzulo kwa nyanja ya Indian ali ndi pangano la Nairobi loteteza nyanja ndi magombe awo, limene linasainidwa mu 1985 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1996. Muli mayiko 10: Comoros, France, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Seychelles, Somalia, South Africa ndi Tanzania. Ena mwa iwo apita patali. Dziko la Seychelles linagwirizana ndi okongoza ake, mothandizidwa ndi bungwe la The Nature Conservancy, kuti ngongole ya madola pafupifupi 21 miliyoni isinthidwe kabwezedwe kake, ndipo pofika mu 2020 linali litaika magawo 30 pa 100 alionse a madzi ake pansi pa chitetezo. Mu 2012 Mauritius ndi Seychelles anasainirana mapangano oyendetsera limodzi dera lalikulu la pansi pa nyanja ku Mascarene m'malo molimbirana. South Africa ali ndi lamulo lakelake la 2018 logawira malo a m'nyanja, ndipo mbali ya kumadzulo, iye pamodzi ndi Namibia ndi Angola anasaina pangano la Benguela mu 2013. Pangano lomalizali musalione ngati lakutali, pakuti karapau wa m'firiji amene timagula mu msika wa Limbe, wambiri amagwidwa m'madzi a ku Namibia omwewo.

Dziko la Malawi mulibe m'pangano la Nairobi, ndipo apa ndi pamene aphunzitsi anu aimirira. Ine ndikuti aima pamalo oterera. Mafuta a galimoto, feteleza, tirigu ndi mankhwala zimatifika kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo fodya, tiyi ndi shuga zimatuluka m'njira zomwezo. Mu Marichi 2019 namondwe wa Idai atagwetsa mzinda wa Beira n'kudula msewu wochokera kudoko, amene tinali m'ntchito ya mathiraki tinadziwa tsiku lomwelo kuti vuto lafika kwathu. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anatulukira m'nyanja yomweyo pafupi ndi Quelimane, n'kudzagwetsa matope a phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe, ndipo m'dziko muno munafa anthu opitirira 1,000. Sindikunena kuti mitengo ya mangrove ikanapulumutsa Chilobwe, ayi, chimene chinapha abale athu ndi mvula yogwera pa mapiri opanda mitengo. Koma mangrove imachepetsa mphamvu ya mafunde pa gombe, ndipo gombe limenelo ndi pamene pali madoko amene ife timapumirapo. Pangano la 1982 lija lili ndi gawo lonse lonena za ufulu wa mayiko opanda gombe wofika kunyanja, ndipo Malawi analivomereza. Munthu amene ali ndi ufulu wodutsa pamalo ali ndi chifukwa chofunsira mmene malowo akusamalidwira.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti phunziro limeneli tinalilipira kale ndi ndalama zathu. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, ndi masomphenya akuti katundu azibwera pamadzi kuchokera kunyanja kudzera mu Zambezi ndi Shire. Boti limene linkayembekezeka pa mwambowo silinafike, chifukwa boma la Mozambique linaligwira m'njira, ponena kuti pafunika kafukufuku woona mmene kuyenda kwa maboti ndi kukumba mtsinje kungakhudzire chilengedwe. Anthu ambiri kuno anati n'nsanje chabe, yofuna kuteteza malonda a Beira ndi Nacala, ndipo mwina m'menemo munali choonadi. Komabe funso limene anafunsa linali loyenera, pakuti kumene Zambezi amathirira m'nyanja kuli nkhalango yaikulu ya mangrove, ndipo ma prawn a ku Sofala Bank, dera la m'nyanja la kufupi ndi gombe limenelo, amene amabweretsa ndalama zakunja ku Mozambique, amadalira madzi ndi matope a mtsinje umenewo. Konkire inathiridwa mgwirizano usanakhwime, ndipo mpaka lero dokolo silinagwire ntchito imene linamangidwira. Ndimakana kumva munthu wophunzira akunena kuti kugawana malo a pamadzi si nkhani yathu, pamene umboni uli chiimire m'mphepete mwa Shire.

Tisadzione ngati olakwiridwa okha. Imani pa mlatho uliwonse wa Mudi mvula yoyamba ikagwa, muone majumbo, mabotolo, matewera ndi madzi akuda ochokera kumafakitale zikutsika. Madzi amenewo amakathera mu Shire, Shire amakathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathira m'nyanja ya Indian. Dothi lokokoloka m'mapiri amene tawameta chifukwa cha makala limatsata njira yomweyo, litayamba latsamwitsa malo opangira magetsi ku Nkula ndi Kapichira. Malamulo oletsa mapulasitiki opyapyala anabwera mu 2015, khoti lalikulu la apilo linawavomereza mu 2019, koma aliyense wogula tomato mu Ndirande akudziwa chimene amamukulungira. Mayiko 8 a m'chigwa cha Zambezi ali ndi bungwe la ZAMCOM loyang'anira madzi a mtsinjewu, limene pangano lake linasainidwa mu 2004, ndipo ine ndimaona kuti pamenepo ndi pamene mpando wa Malawi pa nkhani za nyanja ya mchere uli. Amene akukonza mapu a gombe la Mozambique popanda kufunsa zimene zikuchokera kumtunda akudzinamiza, ndipo ife amene tili kumtundako tikakhala chete tikuwathandiza kudzinamizako.

Nanga nyanja yathu ija?

Apa ndiye pamene ndimataya chipiriro. Tili ndi nyanja imene mayiko atatu amakhala m'mbali mwake, yokhala ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo mavuto onse amene ndinawaona ku Beira aliponso kuno. Makoka a neti ya udzudzu alipo, maboti a injini amalowerera malo a asodzi a chilimila, malo ogona alendo atseka madoko a anthu a m'midzi, makhola owetera chambo akuchuluka, ndipo mu 2011 boma linapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanjayo. Chilolezo chimenecho chinadzutsa mkangano wa malire ndi Tanzania, ife titagwira pangano la Heligoland la 1890, la pakati pa Britain ndi Germany, limene limaika malire pa gombe la kummawa, iwo akuti malire ali pakati pa madzi, ndipo amkhalapakati otsogoleredwa ndi a Joaquim Chissano, pulezidenti wakale wa Mozambique, sanathe kuumaliza. Nyanja ya Victoria ili ndi bungwe la mayiko loyang'anira usodzi kuyambira mu 1994, ndipo mayiko anayi a m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika anasaina pangano lawo mu 2003. Ife takhala tikudikira kuti nkhani ya malire ithe kaye, pamene usipa ndi chambo sizikudikira. Ife tili ndi Lake Malawi National Park kuyambira mu 1980, Mozambique anakhazikitsa malo otetezedwa kumbali yake mu 2011, ndipo zilumba za Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, moti palibe chifukwa chomveka cholepherera kugwirizana nyengo yotseka usodzi ndi mtundu wa maukonde oletsedwa, ngakhale mapu a malire akadali pa tebulo.

Nzeru yogawa malo a pamadzi si yachilendo kwa ife. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, a Senior Chief Makanjira ndi makolo awo akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera chifukwa amaona utaka ukamabwerera pa nthawi yotsegulira. Ku nyanja ya Malombe zinayenda mosiyana, chambo chinatha kaye, makomiti a m'madoko n'kudzakhazikitsidwa pambuyo pake mu 1993. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mapulani ambiri a mayiko n'chakuti amakonzedwa m'mahotela, ndi ndalama za mabungwe akunja, ndipo msodzi amaitanidwa tsiku lomaliza kudzajambulitsa chithunzi. Mapu amene msodzi sanawavomere amaphwanyidwa usiku woyamba, kaya ndi ku Beira kaya ndi ku Makanjira.

Choncho, achemwali, musasinthe mutu, koma muuchepetse kuti ukwane nthawi ndi ndalama zimene muli nazo. Sankhani chimodzi mwa ziwiri: njira ya madzi kuchokera mu Mudi mpaka kumene Zambezi amathirira m'nyanja, kapena zimene nyanja ya Malawi ingatengere ku pangano la Nairobi ndi la Tanganyika. Ine ndikanasankha chachiwirichi, chifukwa mukhoza kukwera basi kupita ku Monkey Bay, kumene kuli malo ofufuzira za nsomba a boma, n'kukacheza ndi makomiti a m'madoko ndi mafumu pamaso m'pamaso. Tengani kalata ya ku koleji musananyamuke, muyambe mwaonekera kwa mfumu musanafunse msodzi aliyense, ndipo mupeze mnzanu wodziwa Chipwitikizi, pakuti zolembedwa zambiri za mbali ya Mozambique zili m'chinenero chimenecho.