Za hatchi ikuwonda ija, yankho la malume

Eee mphwanga, ndamvera voisi yako m'gulumu. Ukuti hatchi imodzi ya abwana ako kufamu kwanuko ikuwonda, madeya ikungonunkhiza n'kusiya, ukamakoka lamba wa chishalo ikufuna kukuluma, ndiye ukufunsa ngati hatchi imadwala maalsa ngati munthu. Imadwala, kwambirinso. Ku Joni m'makhola momwe ndinkagwira muja inali nkhani ya tsiku ndi tsiku, makamaka mahatchi othamanga mpikisano, amenewo ambiri ndithu amakhala ndi zilonda m'mimba ngakhale ukuwaona akunyezimira.

Ndiyambe ndi mmene mimba yake ilili chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Chifu cha hatchi n'chaching'ono ukayerekeza ndi thupi lonse lija, chimalowa malita mwina 8 mpaka 15 basi. Ndiye chimatulutsa asidi usana ndi usiku osapumira, idye isadye asidi akutuluka basi, pakuti nyama imeneyi inalengedwa yoti izingodya udzu pang'onopang'ono pafupifupi maola 16 pa tsiku. Ikamatafuna ndi pamene malovu amatuluka, malovuwo ndi amene amaziziritsa asidi uja. Ikasiya kutafuna malovu amasiyanso. Tsono m'chifumo muli mbali ziwiri, yam'munsi ili ndi chonanda choiteteza, yam'mwamba ilibe chilichonse, asidi akafika kumeneko amawotcha. Wamva eti?

Nde taganiza zomwe mumachita inu. Madzulo mwaitsekera m'khola ndi kaudzu kochepa, pofika 9 koloko katha, usiku wonse ili chiimire mimba ili pululu, m'mawa abwana kapena alendo awo afika akuti mangani chishalo tikazungulire kusanatenthe. Ikayamba kuthamanga mimba imafinyika, asidi uja n'kumakhavukira m'mwamba mopanda chitetezo muja. Zili ngati amayi ako akamachoka ku mjigo ndi ndowa pamutu, paja amaika masamba pamwamba kuti madzi asamakhavuke, udzu m'mimba mwa hatchi umagwira ntchito ya masamba amenewo. N'chifukwa chake ine sindinkalola hatchi kukweredwa isanatafuneko kanthu, ngakhale manja awiri odzadza a udzu wouma, mphindi 30 chishalo chisanakwere.

Chachiwiri ndi madeya ndi chimanga. Anthu akaona hatchi ikuwonda amathamangira kuonjezera madeya, ena mpaka kuthirako molasesi poti kwathu kuno ku Nchalo savuta kupeza, koma ndiye ukuonjezera moto. Zimenezo imameza msanga osatafuna kwambiri, malovu ochepa, kenako zimasasa m'mimbamo. Chinanso ndi mankhwala opha ululu aja timati bute, phenylbutazone, komanso flunixin. Ngati hatchiyo inkatsimphina n'kumapatsidwa amenewo masiku ambiri, uwauze adokotala, chifukwa amawononga mbali yam'munsi ija. Kuyenda ulendo wautali pa lole, kuisiyanitsa ndi inzake, kusowa madzi, zonsezo zimathandizira.

Zizindikiro zake ndiye n'zozembera, si zoti ungaloze chala kuti ichi. Kudya monyinyirika makamaka madeya, kuwonda pang'onopang'ono, ubweya kuyima osawala, kupsa mtima pomwe kale inali yofatsa, kukana kuthamanga, nthawi zina ikangotha kudya imapalasa pansi kapena kugona n'kumayang'ana kumimba kwake, kenako yadzuka ngati palibe chachitika. Ana a hatchi ndi amene amaonetsa bwino, amakukuta mano, dovu chuchuchu, kusiya kuyamwa, kugona chagada. Ndipo usadikire kuti isanza ngati munthu wa maalsa, hatchi sisanza.

Koma apa ndikuchenjeze mphwanga, usakaime pamaso pa abwana n'kunena kuti malume ati ndi maalsa basi. Kuno kuchigwa chowondetsa nyama n'chambiri. Njoka za m'mimba, mano osongoka amene amacheka masaya moti imalavula udzu wotafunatafuna, matenda a nkhupakupa, komanso ngati famuyo yayandikana ndi Lengwe kapena Majete ganiziraninso za kashembe. Ndiye tsegula mlomo uone nkhama, zikhale zofiirira bwino, zikakhala zotuwa kapena zachikasu imeneyo ndi nkhani ya magazi, adokotala atenge magazi akayeze. Uyezenso kutentha kwa thupi m'mawa kusanatenthe, hatchi yabwinobwino imakhala cha pa 37.5 mpaka 38.5, maalsa paokha sakweza kutentha kwa thupi. A za ziweto ku Ngabu kapena ku Chikwawa boma angathandize poyambira, koma abwana asaumire, aitane dokotala wodziwa mahatchi ngakhale achokere ku Blantyre.

Njira yotsimikizira ndi imodzi yokha, kapaipi ka kamera kotalika mamita atatu, amakalowetsa pamphuno mpaka m'chifu, hatchi itagona ndi njala maola 12 kapena kupitirira ndiponso atayibaya yoifooketsa. Ku Joni zinali zosavuta, kuno makinawo si opezekapezeka, ndiye nthawi zambiri dokotala akachotsa matenda ena aja amangoyamba mankhwala n'kuona ngati ikusintha.

Mankhwala ake ndi omeprazole, yemwe uja amamwa anthu, koma wa mahatchi amabwera wophala mu sirinji yaikulu, wina amatchedwa GastroGard, umafinyira kumbuyo kwa lilime. Mlingo wake ndi 4 mg pa kilo iliyonse, kamodzi pa tsiku, masiku 28. Ndipo apa ndi pomwe anyamata ambiri amalakwitsa, amapereka hatchi itadya kale. Ayi. M'mamawa isanalawe kanthu, udikire mphindi 30 mpaka ola limodzi, kenako udzu. Ndikudziwa wina m'gulumu anena kuti bwanji osangogula makapisozi ku famase, ndiye tawerengani nokha, hatchi ya makilo 400 ikufuna 1,600 mg, kapisozi wa munthu ndi 20 mg, ndiye kuti makapisozi 80 tsiku lililonse kwa mwezi wathunthu, komanso ukawaphwanya n'kusakaniza m'madeya asidi amawapha asanagwire ntchito. Kutaya ndalama kumeneko. Zilonda zikakhala za mbali yam'munsi zimachedwa kupola, dokotala amaonjezera sucralfate, nthawi zina misoprostol, ameneyu ndiye mayi woyembekezera asamugwire n'komwe, amachotsa mimba, umve bwino pamenepo poti apongozi athu ali ndi pakati, asamakuthandize kupereka.

Ikayamba mankhwala mkati mwa sabata imodzi umaona yayamba kudya, mtima wakhala pansi, abwana n'kunena kuti yachira tisiye, mankhwala ngodula awa. Chilonda chimakhala chisanatseke, amalize masiku onse. Ndipo ine maganizo anga ndi oti ngati safuna kusintha kadyetsedwe ndiye bola asaguleko n'komwe, chifukwa mukasiya mankhwala m'khola muli mwakale zilonda zimabwerera posakhalitsa.

Kusintha kwake ndi uku, ndipo mbali imeneyi ili m'manja mwako iweyo osati mwa dokotala. Udzu wouma pa tsiku ukhale makilo 6 mpaka 8 kwa hatchi ya makilo 400, ndipo isakhale maola opitirira anayi kapena asanu yopanda chotafuna, usiku ndiye uike wambiri woti m'mawa upeze wotsala. Ngati lucerne, mbewu ya mtundu wa nyemba yodyetsa ziweto, akupezeka ndiye bwino kwambiri, ali ndi calcium wambiri amaziziritsa asidi, akasowa masamba ouma a mtedza kapena a khobwe amathandizako, bola akhale oyera opanda nkhungu ndi dothi, chanunkha chuku taya. Madeya uchepetse ndipo ugawe katatu, osati chibeseni chimodzi. Isiyeni izidya panja ndi inzake nthawi yaitali. Vuto lathu kuno ukulidziwa, ikafika Okutobala udzu wapsa wonse, dzuwa likupitirira 40, ndiye udzu umafunika kumweta ndi kusunga mvula ikangotha, osati kuyamba kusakasaka kudimba nthawi yatha. Madzi asamaphwe m'chomwera, nyengo yotentha chonchi hatchi imodzi imatha kumwa malita 50 kapena kuposa, ndipo akhale pamthunzi, otentha imawakana.

Achimwene a ku Bangula, inu a ngolo, izi zikukukhudzaninso, bulu mimba yake ndi yomweyomweyo, kumumanga pa ngolo m'mawa mpaka masana osadya ndi zomwezi. Iye ndiye woipa chifukwa amabisa ululu, amangozyolika. Bulu akakana kudya tsiku limodzi musati ndi makani ake, amatha kufa ndi mafuta odzadza m'magazi, muitane a ziweto tsiku lomwelo.

Iwe mphwanga, ukaona hatchiyo ikugubuduka, thukuta kamukamu, ndowe sizikutuluka, mimba yatupa, zimenezo si za kudikira mawa, chotsa chakudya uimbe foni nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Mawa unditumizire chithunzi cha nkhama zake ndi cha ndowe, undiuzenso kuti mankhwala a njoka inamwa liti komaliza ndiponso madeya mukuipatsa angati pa tsiku. Uwapatse moni amayi ako.