Kodi function ya PostgreSQL ingadzipangire yokha makolamu?

Mchemwali wina wa ku Rosettenville, ku Johannesburg, wandilembera imelo. Amasamalira database ya kampani yaing'ono yotumiza katundu kumudzi, ndipo akufuna function yotulutsa lipoti lotere: mzere uliwonse basi imodzi, kolamu iliyonse tawuni yomwe katundu watsikira. Mwezi uno ndi Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, mwezi wamawa mwina ndi Nkhata Bay yomwe. Akufunsa ngati makolamuwo angamawonjezeke okha.

Achemwali, mwachindunji sizingatheke. PostgreSQL, pulogalamu yoyendetsa database yanuyo, imafuna kudziwa mayina ndi mitundu ya makolamu isanayambe n'komwe kuyendetsa query. RETURNS TABLE imawamangirira tsiku lomwe mwalemba function. RETURNS SETOF record imaoneka ngati yakumasulani, koma mukaiitana osalemba AS t(basi text, lilongwe numeric) imakana, imvekere "a column definition list is required". Nayo crosstab, function yosandutsa mizere kukhala makolamu ya mu extension ya tablefunc, imafuna mndandanda womwewo.

Njira yoyamba yomwe imagwiradi ntchito ndi refcursor, pomwe function imabweza dzina la cursor, cholozera ku zotsatira za query, m'malo mwa mizere yeniyeniyo. Function imamanga query ndi format(), n'kutsegula cursor, inu n'kuchita FETCH ALL. Zonsezi zichitike mu transaction imodzi, chifukwa mukangochita COMMIT cursor yapita. Mayina a matawuni adutse pa %I, chizindikiro cha mu format() chotchingira mayina a makolamu moyenera, chonde. Kampata ka mu "Nkhata Bay" kokhako n'kokwanira kugwetsa query, ndipo kulumikiza mawu ndi manja kumatsegulira khomo SQL injection, pomwe munthu amazembetsa malamulo ake mu query yanu.

Koma ine ndikanakhala inu, ndikanasankha jsonb, mtundu wa data wotha kusunga mayina ambiri ndi manambala ake mu kolamu imodzi, yomwe inabwera ndi PostgreSQL 9.4 mu 2014. Function izibweza makolamu awiri osasintha, basi ndi katundu, matawuni onse n'kulowa mu kolamu yachiwiriyo kudzera pa jsonb_object_agg. Kuwayala m'makolamu ikhale ntchito ya pulogalamu yoonetsa lipoti. Tawuni yatsopano ikabwera, function simuikhudza. Ngati mumangoonera pa psql, pulogalamu yolemberamo malamulo a PostgreSQL, \crosstabview, yomwe ilipo kuyambira 9.6, imakuyalirani yokha mizere ya basi, tawuni ndi makilo kukhala makolamu, popanda jsonb.

Musamale ziwiri. Mu jsonb mayina sakhala mmene munawandandalikira: aafupi amatsogola, ndiye Mzuzu ibwera patsogolo pa Lilongwe. Chachiwiri ndi chomwe chimandidetsa nkhawa, poti n'cha ndalama za anthu. Dzina likabwera kawiri, jsonb imasunga lomaliza lokha, osadandaula n'komwe. Basi imodzi ikakhala ndi makatoni a anthu khumi opita ku Blantyre, lipoti lionetsa makilo a munthu mmodzi. Choncho yambani mwaphatikiza makilowo ndi SUM ndi GROUP BY pa basi ndi tawuni, kenako muitane jsonb_object_agg.