Hade, Gehena ndi nyanja yamoto sizofanana

Mwafunsa ngati Hade ndi Gehena za m'Baibulo ndi malo amodzi. Ayi achimwene, si malo amodzi, ndipo kuzisakaniza ndiko kumasokoneza ambiri powerenga za chiweruzo.

Hade ndi liwu la Chigiriki loimira Sheol wa Chiheberi, kumanda kumene akufa amapita. Ngakhale Yakobo, munthu wa Mulungu, ananena kuti adzatsikirako akulira Yosefe (Genesis 37:35). Gehena ndi chigwa cha Hinomu, kummwera kwa Yerusalemu, kumene Ahazi ndi Manase anawotcha ana awo ngati nsembe (2 Mbiri 28:3, 33:6). Liwuli limapezeka ka 12 m'Chipangano Chatsopano, ka 11 pakamwa pa Yesu, pochenjeza za chilango chotsiriza. Tsono onetsetsani Chivumbulutso 20:14: imfa ndi Hade zikuponyedwa m'nyanja yamoto. Hadeyo sangaponyedwe mwa iye yekha.

Pomwe mipingo imasiyana ndi apa: Mateyu 25:46 akuti chilango chosatha, pamene Mateyu 10:28 akuti kuwononga moyo ndi thupi lomwe. Musagwire vesi limodzi n'kutaya linalo. Musanakaphunzitse ku mlaga, khalani pansi ndi abusa anu kapena mphunzitsi wodziwa Chigiriki, muyang'ane liwu lenileni lili pa vesi iliyonse.