Ndikhale chete kuti asandisale? Yankho kwa aphunzitsi a ku Nkhotakota

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Nkhotakota. Anapempha kuti ndisatchule dzina lake, ndipo kalatayo ndaifupikitsa.

"Ine kwathu ndi ku Thyolo, kuno ananditumiza pa ntchito. Poyamba ndinkasungulumwa koopsa mpaka amayi a ku tchalitchi atandilowetsa m'gulu lawo. Ndi amene anandiphikira phala nditagona ndi malungo, ndiponso ndi amene ndimasonkha nawo ku banki m'khonde. Koma chimwalirireni mwana wa mmodzi wa iwo, ayamba kunena kuti gogo wina wa mumpingo mwathu momwemo ndiye anamulodza. Pa benchi yake sipakhalanso munthu, kumaliro samupatsa mbale, ana auzidwa kuti asamadutse pakhomo pake. Ine zimenezi sindizikhulupirira, koma akamakamba ndimangogwedeza mutu, tsiku lina ndinasekako nawo. Ndikayankhula adzati mlendo akudziwa chiyani, ndidzabwereranso kokhala ndekha. Ndikakhala chete, Lamulungu mtima sukhazikika. Mkhristu amatani pamenepa?"

Aphunzitsi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi mantha anuwo, chifukwa m'kalatamu mukumveka ngati mukudziimba mlandu kuti kuopa kutsala nokha ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Si choncho. Mu 1995 akatswiri awiri a za maganizo a munthu, Roy Baumeister ndi Mark Leary, atasanthula kafukufuku wochuluka, analemba kuti kufuna kukhala ndi anthu okutenga ngati wawo ndi njala imene munthu aliyense amabadwa nayo. Mu 2003 Naomi Eisenberger ndi anzake ku Los Angeles anagoneka anthu m'makina ojambula ubongo n'kuwaseweretsa masewera oponyerana mpira pa kompyuta. Masewera ali mkati, osewera enawo ankangosiya kuwaponyera mpirawo. Mbali ya ubongo imene inaoneka ikutakataka ndi imodzi mwa zimene zimagwiranso ntchito munthu akamamva ululu m'thupi. Ngati kumanidwa mpira ndi anthu osawadziwa kukuwawa motero, nanga kutembenuziridwa nkhongo ndi amayi amene anakuphikirani phala?

Za kugwedeza mutu kuja, palinso amene anakuyeza. M'zaka za m'ma 1950 Solomon Asch ku America ankakhazika ophunzira m'chipinda n'kuwaonetsa mzere umodzi pa khadi, ndi mizere itatu pa khadi lina, kuti anene wofanana kutalika ndi woyamba uja. Funso losavuta, moti munthu akakhala yekha kulakwitsa kunali kosowa kwambiri. Chinsinsi chinali chakuti onse m'chipindamo, kupatula mmodzi, anali atapanganidwa kuti azitchula yankho lolakwika mokweza komanso molimba mtima. Mmodzi wosadziwayo ankayankha chakumapeto. Pafupifupi anthu 75 mwa 100 aliwonse anatsatira gulu kamodzi kapena kupitirira apo, maso awo akuona bwinobwino kuti mzerewo si umenewo. Panalibe wowaopseza, panalibe ndalama ya banki m'khonde, panalibe maliro. Kungoti palibe amafuna kukhala mawu okhaokha osiyana m'chipinda.

Baibulo linaziona kale zimenezi, ndipo silinabise dzina la wogwa. Werengani Agalatiya 2, kuyambira ndime 11. Petro ali ku Antiokeya ankadya pamodzi ndi Akhristu a mitundu ina popanda vuto. Atafika anthu ena ochokera kwa Yakobo, anayamba kudzipatula chifukwa cha mantha, Ayuda ena n'kumutsatira, mpaka Barnaba, munthu wodziwika ndi kulimbikitsa anzake, anatengeka nazo. Ameneyu ndi Petro yemwe uja Mulungu anamuphunzitsa pa nkhani ya Korneliyo kuti asamatche munthu aliyense wodetsedwa. Choonadi ankachidziwa, chimene chinamugwetsa ndi maso a anzake. Ndipo taonani kuti mlandu wonsewo unali wa mbale: ndani adye ndi ndani. Ndi nkhani yomweyo ya gogo wosapatsidwa mbale kumaliro. Paulo sanaitenge ngati kankhani ka kukhitchini. Anati akuchitawo sakuyenda molunjika ndi choonadi cha Uthenga Wabwino. Tsono kuseka kwanu kwa tsiku lija kunali kulakwa, sindikunyengererani, koma mwalakwa pamodzi ndi atumwi, ndipo Petro sanathere pomwepo.

Amayi a gulu lanuwo sindikufuna kuwasandutsa zilombo. Phala lija linali la chikondi chenicheni. Mayi woferedwayo ali ndi bala, ndipo chisoni chikakula chimafuna dzina la munthu woti chimuloze chala, chifukwa kungoti mwana anadwala n'kumwalira kumamveka kopanda kanthu. Anzakewo akuvomereza pofuna kumuonetsa kuti ali naye. Mwa njira yawo, nawonso akugwedeza mutu. Ine ndikukhulupirira ndithu kuti pa gulu limenelo simuli nokha amene mukukayika.

Komabe funso liyenera kufunsidwa: malo amene muli nawo pakati pawo ndi anu, kapena mukuchita lendi? Brené Brown wa ku yunivesite ya Houston, amene wakhala zaka zambiri akufufuza za manyazi ndi kulimba mtima, amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri timazisokoneza. China ndi kuyang'ana gulu, kuona chimene likufuna, n'kudzisintha kuti akulandire. China ndi kulandiridwa uli mmene ulili. Iye amati choyambacho ndiye chotchinga chachikulu cha chachiwiricho, pakuti amene akukondedwa pamenepo si iwe, ndi munthu wongomupanga. Inu panopa lendi yanu ndi kukhala chete, ndipo mtima wosakhazikika Lamulungu uja ndi umene ukukuuzani mtengo wake. Mudzadziwa kuti gululi ndi lanu tsiku limene mudzasiyane nawo maganizo, koma Lachinayi lotsatira n'kupeza akusungirani pokhala pa mkeka. Mwina adzatero, mwina ayi. Musanayese simungadziwe, ndipo mwina mukuwaweruza amayiwo kuti ndi ouma mtima kuposa mmene alili.

Apa ndi pamene chikhulupiriro chimanena chinthu chimene kafukufuku sangathe kunena. Akatswiri angakuuzeni kuti mukufunika malo, koma sangakupatseni malowo. Aefeso 2:19 akuti simulinso alendo kapena ogonera, ndinu a m'banja la Mulungu. Mawu amenewa analembedwera anthu amene ankaonedwa ngati obwera, ndipo malowo sanawapeze chifukwa chovomerezana ndi gulu. Anawalandira mwa Khristu gulu lisanaponye voti. Mayi wa ku Thyolo ali m'banjamo, gogo uja alinso momwemo, pa ubatizo umodzimodzi ndi mgonero umodzimodzi. Wa Chigwirizano, wa Mothers' Union kapena wa kumphakati, yunifolomu imabwera pambuyo. Muwerengenso Yohane 9. Makolo a munthu wobadwa wosaona uja anazemba kuyankha poopa kuchotsedwa m'sunagoge. Mwana wawo anayankhula zimene anaona, anamutayadi kunja, ndipo ndime 35 ikuti Yesu atamva kuti amutaya, anakamupeza. Lonjezo si lakuti sadzakutayani. Ndi lakuti kunjako simudzakhala mopanda mwini.

Tsopano pali uphungu wina umene ndimaumva kawirikawiri, makamaka pa intaneti, woti munthu wolimba mtima amaima yekha, asamale zake, otsalawo aone okha. Ine umenewo sindiugula. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo Asch yemwe uja anapeza zofanana. Atangoika m'chipindamo munthu mmodzi yekha wonena yankho loona, kutsatira gulu kunatsika kwambiri, kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi a mmene kunalili. Sipanafunike theka la gulu, mnzake mmodzi anakwanira. N'zoona kuti mu 1996 Rod Bond ndi Peter Smith, ataphatikiza kafukufuku 133 wa mtunduwu wochokera m'maiko 17, anapeza kuti kumene anthu amaika gulu patsogolo kutsatira unyinji kumakhalanso kokwererapo. Umunthu wathu uli ndi mbali imeneyo, tisadzinamize: dzanja lomwe limakuphikira phala limathanso kukutseka pakamwa. Koma mankhwala ake si kutaya umunthuwo ayi, ndi kuugwiritsa ntchito. Ngakhale kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March 1992, imene inanena poyera zimene Amalawi ankangonong'onezana, sinali ya munthu mmodzi. Anasaina pamodzi, inawerengedwa m'matchalitchi tsiku limodzi, ndipo ngakhale mmodzi wa osainawo, Monsignor John Roche, anathamangitsidwa m'dziko muno, mawuwo sanathekenso kubwezedwa. Chaka chotsatira, pa 14 June 1993, kunali riferendamu.

Ndiye ndikanakhala inu, sindikanayamba ndi kuimirira pa msonkhano wa Lachinayi n'kudzudzula. Paulo anadzudzula Petro pamaso pa onse, inde, koma anali mtumwi mnzake. Inu ndinu wamng'ono pagulupo ndipo pali mayi amene misozi yake sinaume. Ndikanayamba ndi kufufuza mnzanga mmodzi uja. Nkhaniyo ikadzayambanso, musayang'ane woyankhula, yang'anani amene wawerama, amene wayamba kukonza chitenje chake, kapena wanyamuka kukasonkhezera moto. Mukamupeze payekha, popita kumsika kapena pobwera kunyanja, mumufunse mwaulemu kuti, "Amayi, nkhani ya agogo aja inu imakukhalirani bwino?" Musadabwe akapumira m'mwamba n'kuti amaganiza kuti ndi iwo okha.

Mukapezana, chitani chinthu chooneka chisanakhale cholankhulidwa. Pitani awiri kwa gogoyo masana dzuwa likuswa mtengo, mutatenga kausipa ndi ufa wa kondowole, mukatunge madzi, musese pakhomo. Lamulungu mukhale pa benchi yake. Wofunsa mumuyankhe mwachidule kuti mwakaona wokalamba wa mumpingo, monga malamulo a gulu lanu lomwelo amanenera za kuyendera odwala ndi okalamba. N'kovuta kuti munthu akutsutseni pa ntchito imene gulu linakhazikitsidwira. Ndipo musaleke kupita kwa mayi woferedwayo. Akaona kuti mwasankha gogo n'kumutaya iye, nkhaniyo idzasanduka ya mbali ziwiri, pamene inu mukufuna aone kuti munthu angathe kulira naye popanda kuloza chala wina.

Kenako nkhaniyi ifike kwa oyenera: amayi busa, akulu a mpingo, abusa kapena ansembe. Kusala Mkhristu pa benchi ndi pa mbale ndi nkhani ya mpingo wonse, si yanu nokha. Musaichedwetse, chifukwa amene ali pa ngozi yaikulu pano si inu. Mu 2010 Julianne Holt-Lunstad ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 148 wokhudza anthu opitirira 300,000, napeza kuti amene ali ndi ubale wolimba ndi anzawo mwayi wawo wokhalabe ndi moyo pa nthawi imene ankatsatidwa unali wokwera ndi 50 peresenti poyerekeza ndi osungulumwa. Gogo amene palibe mwana womutungira madzi kapena womuthamangira kuchipatala akudwala usiku akuphedwa pang'onopang'ono, popanda wonyamula mwala. Ndipo tonse tamvapo pa wailesi kumene manong'onong'o otere amathera: nyumba kutenthedwa, okalamba kumenyedwa, ena kuphedwa kumene. Lamulo la dziko lino, Witchcraft Act ya 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mukangomva mawu oti amuthamangitse, amuitanire sing'anga kapena amuonetse zakuda, pamenepo musadikirenso msonkhano wa mpingo: dziwitsani amfumu ndi a Victim Support Unit ku polisi tsiku lomwelo.

Za mawu oti mlendo akudziwa chiyani, akhoza kunenedwadi, ndipo adzakubayani. Koma ku Nkhotakota mawu amenewo ndi opepuka. Ajumbe amene analamulira pa dokopo m'zaka za m'ma 1800 anachokera kugombe la Aswahili. David Livingstone anakhala pansi pa mkuyu wina ku Nkhotakota komweko ngati mlendo pokadandaula za malonda a akapolo. Chauncy Maples, bishopu wa Anglican amene anamira pa nyanja mu 1895, anaikidwa ku tchalitchi cha All Saints komweko, kutali ndi kwawo. Lero Achewa, Atonga ndi Ayao, Asilamu ndi Akhristu, ndi antchito a ku Dwangwa ochokera m'maboma onse amagula nsomba pa msika umodzi. Inuyo makolo omwewo amakupatsani ana awo m'mawa uliwonse kuti muwaphunzitse kusiyanitsa choona ndi chabodza. Kukhala kwanu mlendo kulinso ndi phindu lake: mulibe mkangano wa munda kapena wa ufumu ndi banja lililonse pamenepo, choncho palibe anganene kuti mukuikira kumbuyo mbumba yanu.

Mtengo wake ungakhalepo. Ena angasiye kukupatsani moni kwa kanthawi, wina angayambe kunena kuti nanunso muli nawo m'gulu la usiku. N'chifukwa chake ndikulimbikira za kuyenda awiri, masana, akulu a mpingo akudziwa. Ku gululo musachoke nokha. Lachinayi pitani, nyimbo imbani, kumaliro phikani nawo, ndipo ku banki m'khonde sonkhani pa tsiku lake, ngongole yanu ibwezedwe nthawi isanakwane, kuti wofuna pokugwirani asapeze. Akayambanso nkhani ya gogoyo inu muli pomwepo, simukusowa ulaliki. Mawu ochepa akwana: "Amayi, ine pamenepo ndiye sindinaonepo kanthu, ndipo agogowo ndinali nawo dzulo." Mukatero mukhale chete, mnzanu uja awonjezere ake.