Gulu la ophunzira lolemba za ufulu wa anthu, tiyambire pati? Yankho kwa chemwali wa ku Zomba

Ndalandira imelo kuchokera kwa chemwali wina yemwe ali chaka chachiwiri pa yunivesite ku Zomba, dzina sinditchula. Mwachidule akuti iye ndi anzake angapo, ena ophunzira zamalamulo ena zautolankhani, anatsegula gulu pa WhatsApp loti azilemba nkhani za ufulu wachibadwidwe, koma semesita yatha osatulutsa nkhani olo imodzi, angokhalira kukangana za dzina la gulu ndi woti akhale wapampando. Ndiye akufunsa kuti ayambire pati, alembetse gululo kusukulu kapena ayi, ndalama azizipeza kuti, komanso funso lomwe analiika kumapeto penipeni, "kodi sitimangidwa?"

Chemwali, ndiyamba ndi lomalizalo chifukwa ndi lomwe likukusowetsani tulo, ndipo simukulakwa kufunsa. Aliyense amene akufuna kuchita zimenezi pa yunivesite ku Malawi kuno akuyenera kudziwa dzina la Robert Chasowa. Anali wophunzira wa pa Polytechnic ku Blantyre, pano ndi MUBAS, ankalemba ndi kugawa timapepala todzudzula boma la nthawi imeneyo, ndipo anapezeka atafa pa kampasi pa 24 September 2011. Apolisi anati wadzipha. Komishoni yofufuza yomwe inakhazikitsidwa mu 2012 nthawi ya mayi Joyce Banda inapeza kuti anachita kuphedwa. Chaka chomwecho cha 2011 ndi chomwe ku Chanco maphunziro anaima miyezi yambiri, nkhani itayambira poti mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga kukamufunsa za zomwe anaphunzitsa mkalasi. Zimenezi muzidziwe, chifukwa mukulowa m'munda omwe ena analipira ndi moyo, ndiye musalowemo mwachibwana.

Pano zinthu zasinthako. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 ali mbali yanu, ndime 35 ikunena za ufulu woyankhula, 36 za ufulu wa atolankhani, 37 za ufulu wopeza nkhani zomwe boma likusunga. Mu 2025 khothi linagamula kuti ndime 200 ya Penal Code, ija yoti munthu atha kumangidwa chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, ikutsutsana ndi malamulo aakuluwa. Komabe munthu atha kukusumirani kuti mumulipire ngati mwamunamizira, ndipo lamulo la za pa intaneti la 2016 lija lilipobe ndipo anthu akhala akutengedwa nalo chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mu April 2022 apolisi anagwira Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism, anamulanda foni ndi kompyuta akufuna kudziwa yemwe anamupatsa chikalata. Taonani chomwe ankafuna pamenepo: dzina la wopereka nkhani uja. Apa ndi pomwe pagona mtima wa yankho langa lonse.

Gulu ngati lanuli ntchito yake yaikulu ndi kusamala anthu omwe akukuuzani nkhani zawo. Inu pakatha zaka ziwiri muvala gauni, mujambulitsa ndi makolo, mupita. Mayi wogulitsa mandasi pageti uja, mlonda wa kampani ya sekyulite yemwe sanalandire malipiro miyezi itatu, mtsikana yemwe wakuuzani zomwe mphunzitsi wina anamuchita, onsewo atsala pomwepo ndi anthu omwe mwawalemba aja. Nkhani iliyonse musanaitulutse muzifunsana kuti mawa lake m'mawa munthu ameneyu zimuthera bwanji.

Ndikhalitsepo pa nkhani za nkhanza zogonana chifukwa ndikudziwa kuti ndi zomwe zibwere koyamba gulu lanu likangodziwika, ma inbox adzadza. Anthu ambiri amaganiza kuti kubisa dzina ndi kokwanira, koma pa kampasi ayi. Mukalemba kuti "mtsikana wa chaka chachitatu wochokera ku Rumphi yemwe akuchita kosi yakutiyakuti" kalasi yonse yadziwa kale kuti ndi ndani, ndipo mphunzitsi ujanso wadziwa, ndipo mayeso ali mwezi wamawa. Ndiye muzichotsa chilichonse chomuloza, boma lakwawo, hositelo, ngakhale tsiku lenileni ngati lingamuulule, kenaka mumuwerengere zomwe mwalembazo musanazitulutse kuti aone yekha ngati akubisikadi. Akanena kuti wasintha maganizo, musiyeni, olo mutakhala kuti mwavutikira nkhaniyo mwezi wathunthu. Nkhaniyo ndi yake. Komanso munthu akabwera kwa inu zitangomuchitikira kumene, kaikeni kaye cholembera pansi, chofunika pamenepo ndi chipatala chifukwa mankhwala oteteza ku HIV aja, PEP, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo ku zipatala zazikulu ngati Zomba Central ndi Queens kuli ma One Stop Centre othandiza ochitiridwa nkhanza, kupolisi kuli Victim Support Unit. Aliyense mgulu lanu azidziwa zimenezi pamtima. Ndipo dziwani kuti Gender Equality Act ya 2013 imaletsa nkhanza zamtunduwu, ndiye funso labwino loti mufunse akuluakulu a sukulu ndi loti ndondomeko yawo yolandirira madandaulo ili pati, ndipo chaka chathachi alandira madandaulo angati, athana nawo angati. Nkhani imeneyo mutha kuilemba osaika munthu aliyense pachiswe.

Mbali inayo nayonso ndi yofunika. Wonenedwayo ali ndi ufulu woyankhapo, olo mutamuda chotani. Muimbireni, mulembereni, mupatseni nthawi yokwanira, sungani umboni woti munayesa. Screenshot yomwe yazungulira m'magulu si umboni, aliyense atha kupanga. Mukufunika anthu awiri osachepera omwe sanapangane, kapena chikalata chomwe mwachiona ndi maso anu. Nkhani imodzi yabodza ikwanira kupha gulu lonse, ndipo choipa kwambiri ipangitsa kuti mtsikana wotsatira yemwe akunena zoona asakhulupiriridwe.

Za mafoni, chonde. Gulu la WhatsApp la anthu makumi atatu si malo osungira dzina la munthu wokupatsani nkhani. Dzinalo azilidziwa awiri basi, wolemba ndi mkonzi. Mafoni akhale ndi pasiwedi, mauthenga ovuta aziikidwa oti azifufutika okha, kapena gwiritsani pulogalamu yotumizira mauthenga ya Signal, ndipo zojambula mawu musamazisunge mu laputopu yomwe mumabwerekana ndi ma rumu meti.

Tsopano poyambira. Ine ndikanakhala inu sindikanayamba ndi nduna kapena katangale wa ku Capital Hill, zimenezo zili ndi eni ake omwe ali ndi maloya. Yambani ndi zomwe mungafikeko wapansi. Ku Chikanda ndi madera ena omwe ophunzira amachita lendi, tizipinda timeneto tili bwanji, chimbudzi chimodzi anthu angati, atsikana amayenda bwanji usiku pochokera ku laibulale? Mnzanu woyenda pa njinga ya olumala amafika bwanji mkalasi ya pamwamba? Wosaona amalemba bwanji mayeso? Ophunzira achialubino akukhala motetezeka bwanji, poti tonse tikukumbuka za MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino yemwe anaphedwa ku Machinga mu 2018? Ndalama za ngongole za Loans Board zikachedwa, anthu akudya chiyani, ndipo ndani akupezerapo mwayi pa njala imeneyo? Zonsezi ndi nkhani za ufulu wa anthu ndipo nyuzipepala zazikulu sizingazione bwino kuposa inu chifukwa inu mukukhala momwemo.

Malo ena omwe ndimawakonda kwambiri pophunzitsira mtolankhani watsopano ndi khothi la majisitireti. Kulowa ndi ulere, mumangokhala kumbuyo ndi kabuku kanu. Lamulo limati munthu akamangidwa afikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48, ndiye ingomverani kuti ndi angati omwe akhala m'selo kuposa pamenepo, angati alibe loya, angati akukanika belo chifukwa cha ndalama yochepa. Inu a ku Zomba muli ndi mwayi, makhothi ali pomwepo, ndende yaikulu ili pomwepo. Ndipo werengani mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo yemwe anamangidwa m'bandakucha ku Blantyre akupita ku geni yake pa mlandu uja wa vakabu, mpaka mu 2017 khothi lalikulu linagamula kuti ndime ya vakabuyo ndi yosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Munthu wamba, nkhani yooneka yaing'ono, koma inasintha lamulo. Anzanu ophunzira zamalamulo aja apa ndi pomwe akhale othandiza, azikumasulirani zigamulo, ndipo a Legal Aid Bureau, a CHREAA ndi ma paralegal a PASI, mabungwe othandiza akaidi pa zamalamulo, amadziwa zam'ndende kuposa aliyense. Chenjezo limodzi: mlandu ukakhudza mwana, aliyense wosakwana zaka 18, dzina ndi nkhope yake sizituluka.

Gwiritsaninso ntchito lamulo la Access to Information lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Simukufunika kukhala mtolankhani wa chiphaso, Mmalawi aliyense atha kulemba kalata kupempha, ndipo ofesi ikuyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Ambiri sadzakuyankhani, zoona, koma sungani kope yodindidwa tsiku lomwe munapereka, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission yomwe imayang'anira lamuloli, ndipo kusayankhako pakokha ndi nkhani yoti mulembe.

Zolembetsa kusukulu, ine ndikuti lembetsani, kudzera ku bungwe la ophunzira ndi ofesi ya Dean of Students. Gulu lobisala ndi losavuta kulinamizira kuti latumidwa ndi chipani, pomwe lolembetsa limapeza chipinda chochitira misonkhano ndi kalata yokuzindikiritsani mukapita ku ofesi za boma. Koma m'malamulo a gulu lanu mulembemo momveka kuti wosankha nkhani yotuluka ndi mkonzi wanu, osati patironi, osati ofesi ina iliyonse. Patironi musankhe mphunzitsi yemwe angakuimireni zikavuta, osati wongofuna dzina pa pepala. Mudziwanenso ndi a MISA Malawi, bungwe loteteza atolankhani, zinthu zisanavute, nambala yawo ndi ya loya mmodzi zikhale m'foni ya aliyense, ndipo wina akamapita kokafunsa nkhani yovuta asapite yekha, anzake adziwe komwe ali ndi nthawi yobwerera.

Maudindo musachulutse. Mkonzi, wothandizira wake yemwe ntchito yake ndi kutsimikiza mfundo iliyonse, ndi wosunga ndalama, basi zakwana. Dzina la gulu sankhani lililonse Lachisanu likubwerali muthane nazo.

Ndalama ndiye pamafera magulu ambiri. Zoona zake simukufunika zambiri, bando, thiransipoti ya kabaza, nthawi zina fotokope. Sonkhani pang'onopang'ono mwezi uliwonse ndipo wosunga ndalama aziika lipoti pagulu aliyense aone. Ya wandale musalandire, kaya ndi wa chipani cholamula kaya chotsutsa, kaya akuti ndi ya fanta chabe, chifukwa tsiku lina adzaitanitsa. Mabungwe akadzayamba kukuitanani ku ma wekishopu ku Mangochi kapena ku Salima pitani mukaphunzire, koma muzisinthana opita, ndipo muonetsetse anthu omwe amangooneka tsiku la alawansi koma nkhani osalemba. Ndaonapo magulu abwinobwino akutha chifukwa cha envelopu ya wekishopu imodzi, anthu osayankhulana mpaka kumaliza sukulu. Lamulo losavuta ndi loti opita kunja ndi omwe atulutsa nkhani semesita imeneyo.

Potulutsa musadikire webusaiti yokongola. Tsamba la Facebook ndi lokwanira poyamba, nkhani imodzi yophikidwa bwino pamwezi iposa khumi zosapsa. Ndipo chonde muzilembanso m'Chichewa, kapena kujambula mawu a mphindi zitatu oti aziyenda pa WhatsApp, chifukwa mlonda uja ndi mayi wa mandasi uja akuyenera kumva zomwe mwalemba za iwo. Kalankhuleninso ndi a Chanco Community Radio, mwina atha kukupatsani kamphindi. Mukalakwitsa mfundo, konzani poyera pomwepo pomwe munalakwitsirapo, osangofufuta mwakachetechete.

Chinthu china chomwe simunafunse koma chidzakupezani ndi kusiyirana. Yunivesite imasintha anthu zaka zinayi zilizonse, ndiye ngati nonse oyambitsa muli chaka chimodzi gululi lidzatha tsiku la graduweshoni yanu. Kuyambira pano tengani a chaka choyamba, aliyense wamkulu aziyenda ndi wamng'ono kukhothi ndi kokafunsa anthu, mkonzi asakhale wa chaka chomaliza chifukwa amakhala atapanikizika ndi pulojekiti, ndipo ma pasiwedi a tsamba azisungidwa ndi anthu awiri a zaka zosiyana. Malonjezo omwe munapereka kwa anthu okupatsani nkhani, oti dzina lawo silidzatuluka, nawonso muziwasiyira obwerawo momveka bwino chifukwa sathera pa digiri yanu.

Ndiye chemwali, Lolemba likubwerali tenganani awiri mupite kukhothi la majisitireti m'mawa, mukhale mpaka nkhomaliro, mulembe zomwe mwaona m'mawu osapitirira 600. Mukamaliza nditumizireni pa imelo yomweyi ndikuthandizeni kuikonza musanaitulutse.