Kodi Tingatengere Nzeru za Maiko Ena pa Maphunziro a Ana Aang'ono?

Funso: Ndine mayi wa ku Mufakose, ndipo ndimalera adzukulu awiri amene ali ku ECD, makalasi a ana aang'ono amene sanayambe giredi 1. Pa msonkhano wa makolo, bambo wina anati boma lingotengera zimene amachita ku Finland ndipo zonse zikhala bwino. Kodi zimenezi n'zotheka kuno ku Harare?

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Makalasi amene adzukulu anu amapitako si akale kwenikweni, chifukwa lipoti la 1999 la komiti ya Nziramasanga, yomwe idaunika za maphunziro m'dziko la Zimbabwe, ndilo lidalimbikitsa maphunzirowa, ndipo mu 2004 boma lidalamula kuti sukulu za pulayimale zitsegule makalasi a ECD. Choncho mpata wokonza zinthu ulipo, ndipo kuphunzira kwa anzathu si kulakwa.

Ku Finland ana amayamba pulayimale ali ndi zaka 7, ndipo asanafike pamenepo amaphunzira kwambiri kudzera m'masewera. Koma chimene chimayendetsa zonsezi ndi aphunzitsi ophunzira ku yunivesite, olipidwa ndi ndalama za misonkho, amene amasamala ana ochepa. Kuno, kumene mphunzitsi mmodzi amalimbana ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo, ndipo mayi wogulitsa tomato ku Mbare amasiya mwana wake kunyumba ya munthu kusanache, kulamula kuti ana azisewera popanda kulemba ntchito aphunzitsi kungathere papepala.

Ine ndikanakonda kuti tiyang'anenso kwathu ku Malawi. Kumeneko sukulu zambiri za mkombaphala zimayendetsedwa ndi anthu a m'mudzi, amene amasonkha ufa ndi nkhuni kuti ana amwe phala, pakuti mwana wanjala samva za mphunzitsi. Phalalo ndi loyenera kutengera. Chimene sindingafune kuti titengere ndi chakuti alezi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka popanda malipiro, ndipo umphawi ukawapana amasiya, ana n'kutsala opanda wowayang'anira.

Palinso nkhani imene Finland sangatithetsere. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amazindikira Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 za dziko lino, komabe m'makalasi ambiri a mu Harare mwana wathu amangomva Chishona ndi Chingerezi. Pa msonkhano ukubwerawo, mukafunse akuluakulu a sukulu kuti mphunzitsi mmodzi ali ndi ana angati, anaphunzira kuti za kalera ka ana, anawo amadya chiyani masana, komanso ngati pali wina amene angamve mdzukulu wanu akamalira m'Chichewa.